Kodi digiri ya sociology ingamudyetse munthu?

Mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma akatuluka, pamakhala mabanja ena amene chimwemwe chawo chimabwera ndi nkhawa. Mwana wasankhidwa, inde, koma akukaphunzira sociology, ndipo amalume ake amene agulitse mbuzi kuti fizi ipezeke akufuna adziwe kuti mwanayo akamaliza adzakhala ndani. Funso lawo ndi lomveka ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa kanthu. Mayankho otsatirawa aima pa mfundo imodzi: digiri imeneyi imapindulira mwini wake komanso dziko ngati wophunzirayo watuluka ndi luso lofufuza, ndiko kuti kufunsa bwino, kuwerengera molondola ndi kulemba zomveka. Amene watuluka ndi mayina a akatswiri akale okha m'mutu adzavutika.

Kodi sociology ndi phunziro la chiyani?

Ndi phunziro lofufuza mmene anthu amakhalira limodzi: pabanja, m'mudzi, m'tauni, kutchalitchi ndi kumzikiti, pamsika ndi pantchito. Silifunsa kwenikweni zimene zili mumtima mwa munthu mmodzi, pakuti imeneyo ndi ntchito ya psychology. Limafunsa chifukwa chimene anthu ambiri osadziwana amachitira zinthu zofanana. Mnyamata mmodzi ku Ndirande akakhala zaka zitatu osapeza ntchito, anthu angathe kunena kuti ndi ulesi kapena tsoka lake. Koma anyamata zikwizikwi a msinkhu womwewo akakhala pa ulova ku Ndirande, ku Mtandire ndi ku Chibavi, mawu akuti ulesi sakufotokozanso kanthu, ndipo tiyenera kuyang'ana ku sukulu zathu, ku mafakitale athu ochepa ndi ku kuchepa kwa minda kumudzi. Katswiri wa ku America, C. Wright Mills, analemba za kusiyanitsa kumeneku mu 1959, ndipo mpaka lero ndi poyambira pa phunziroli.

Dzina la phunziroli analiyambitsa ndi Auguste Comte wa ku France cha m'ma 1838, koma amene anaonetsa mphamvu yake ndi Émile Durkheim. Mu 1897 iye anatenga nkhani yooneka ngati ya munthu payekha kuposa ina iliyonse, ya kudzipha, ndipo anasanthula ziwerengero za mayiko angapo a ku Ulaya. Anapeza kuti osakwatira ankadzipha kwambiri kuposa okwatira, ndipo Achipulotesitanti kuposa Akatolika. Anafotokoza kuti munthu akamasuka kwambiri ku zomangira za banja ndi gulu, chiopsezo chimakula. Ena pambuyo pake anatsutsa zina mwa ziwerengero zake, ndipo kutsutsa kotero ndi gawo la phunziroli. Chimene chinatsala ndi njira yake: ganizo liyesedwe ndi umboni umene munthu wina angathe kuubwereza ndi kuupeza cholakwa.

Nanga zimenezi si zinthu zimene aliyense wokulira m'mudzi amazidziwa kale?

Ili ndiye funso lolimba kuposa onse, chifukwa lili ndi choonadi mkati mwake. Agogo a ku Ntchisi amadziwa za mbumba, za unkhoswe ndi za chikamwini kuposa mphunzitsi aliyense wa ku yunivesite. Koma chimene amadziwa ndi cha kwawo. Wa ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene kuli malowolo ndipo mkazi amakakhala kwa mwamuna, adzanena motsimikiza kuti ana ndi a bambo, pamene wa ku Zomba adzanena motsimikiza chimodzimodzi kuti mwini ana ndi malume. Onsewo akunena zoona, ndipo palibe mwa iwo amene angatiuze kuti ndi mabanja angati m'dziko muno amene akutsatabe njira yakeyo, kapena kuti mkazi wamasiye amatetezeka bwino pa nkhani ya munda pansi pa mwambo uti. Lamulo la malo a makolo la 2016, limene limalola kulembetsa malo oterowo, likugwira ntchito pa anthu a miyambo yonseyi nthawi imodzi. Dzina la ndani lilembedwe pa chikalata m'mudzi umene mwamuna ndi mkamwini? Kuti funso lotere liyankhidwe pamafunika munthu woti ayende m'maboma angapo, afunse mwadongosolo ndi kuyerekeza.

Chinanso n'chakuti zimene aliyense amati akuzidziwa nthawi zina zimapezeka kuti si zoona. Pamene Edzi inali pachimake, mabungwe ambiri ankakhulupirira kuti anthu akumudzi sadziwa za matendawa ndipo salankhula za iwo, kotero ndalama zambiri zinapita ku misonkhano yowadziwitsa. Mu 1998 kunayamba kafukufuku wotsata mabanja omwewo zaka zambiri m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka, ndipo mmodzi wa omutsogolera anali Susan Watkins, katswiri wa sociology. Kupatula mafunso a pa pepala, anthu ena a m'midzi momwemo anapemphedwa kuti azilemba m'makope zokambirana za Edzi zimene ankamva pamjigo, pamaliro, pabawo ndi m'minibasi. Makopewo anaonetsa kuti anthu ankaikamba nkhaniyi tsiku ndi tsiku, ankadziwa mmene kachilombo kamafalikira, ndipo anali ndi njira zawozawo zodzitetezera, monga kufufuza mbiri ya munthu asanamukwatire kapena kuthetsa banja ndi mnzawo woyendayenda. Kafukufukuyo anapezanso kuti anthu ambiri ankadziyesa kuti ali ndi kachilombo pamene analibe. Vuto silinali umbuli umene mabungwe ankalimbana nawo. Linali mantha ndi kukayika, ndipo mankhwala a zimenezi ndi kubweretsa kuyezetsa magazi pafupi ndi anthu osati kuonjezera misonkhano.

Ngakhale pa nkhani ya ufiti, imene aliyense ali ndi maganizo ake, kuwerengera kumaulula zimene kukamba chabe sikuulula. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia ndipo anatulutsa buku lake mu 1965, anasonkhanitsa milandu ya ufiti ndi kuona kuti woneneza ndi wonenezedwa anali pa ubale wotani. Anapeza kuti kawirikawiri anali a mbumba imodzi, anthu olimbirana chuma chamasiye kapena udindo, amene mwambo sunkawalola kukangana poyera kubwalo. Masiku ano, pamene okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, wapolisi kapena mfumu yodziwa kufunsa kuti munda wa gogoyo ukanagwera ndani imakhala yayandikira gwero la mlanduwo.

Munthu amalowa bwanji, ndipo pa zaka zinayi amaphunzira chiyani?

Kwawo kwa phunziroli m'dziko muno ndi ku University of Malawi ku Zomba, imene ambiri amaitchulabe kuti Chanco. Monga mmene zilili ndi madigiri ena, pamafunika makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kusankha ophunzira a mayunivesite aboma kumadzera ku bungwe la NCHE. Zofunika pa pulogalamu iliyonse zimatha kusintha, choncho wofunsira malo awerenge chilengezo cha chaka chimenecho. Koma wina asaganize kuti akuthawa masamu. Amene anasankha sociology chifukwa chodana ndi manambala adzawapeza akumudikira, ndipo akawazemba adzakhala wazemba gawo limene limalembetsa ntchito.

Maphunziro ake tingawaike m'magulu awiri, ngakhale saphunzitsidwa motsatana chomwecho. Gulu loyamba ndi la maganizo a akatswiri: Karl Marx pa za eni chuma ndi antchito, Max Weber pa za chipembedzo, ulamuliro ndi maofesi, Durkheim pa za chimene chimamanga gulu. Pamenepo pamabwera nthambi monga za banja, za chitukuko cha kumidzi, za m'mizinda, za umoyo, za upandu, za kusiyana kwa amuna ndi akazi ndi za chiwerengero cha anthu. Izi ndi zofunika chifukwa zimaphunzitsa munthu funso loyenera kufunsa. Wowerenga Marx mwatcheru akafika pa esiteti ya fodya ku Kasungu safunsa za mitengo ya ku okushoni yokha, amafunsanso kuti tenanti amalipidwa liti, chakudya chimene anakongola amachidula pa mtengo wanji, ndipo ana ake ali kusukulu kapena akusoka fodya.

Gulu lachiwiri, limene ndikuliona kuti ndilo msana wa digiriyi, ndi la njira zofufuzira. Apa wophunzira amadziwa kusankha anthu ochepa oti aimire ambiri popanda kukondera. Mayi wophika ndiwo amalawa supuni imodzi n'kudziwa mchere wa mphika wonse, koma pokhapokha atatakasa bwino, ndipo wofufuza amene wangofunsa nyumba za m'mbali mwa msewu walawa mphika wosatakasa. Wophunzirayo amaphunzira kukonza funso losatsogolera woyankha, kulimasulira m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao popanda kusintha tanthauzo, kutsogolera zokambirana za pagulu mwakuti mfumu ndi amuna olankhulitsa asatseke pakamwa amayi, ndi kusunga chinsinsi cha amene wamuuza zakukhosi. Amaphunziranso kusanthula ziwerengero pa kompyuta ndi mapulogalamu monga SPSS kapena Stata. Chaka chomaliza amachita kafukufuku wakewake, ndipo ntchito imeneyo, ikachitidwa moona mtima, ndi umboni woyamba umene angaonetse wolemba ntchito.

Ntchito zake ndi ziti?

Tiyambe ndi choonadi chowawa: nyuzipepala sizilengeza kawirikawiri kuti pakufunika katswiri wa sociology. Wophunzira unamwino amadziwa kuti adzakhala namwino, wa zamalamulo adzakhala loya, koma wa sociology amalowa ntchito za mayina ena. Khomo lalikulu ndi la kafukufuku. Ofesi ya boma yoona za ziwerengero, NSO, ili ku Zomba komweko, ndipo ndi imene inachititsa kalembera wa anthu wa 2018 amene anapeza anthu 17,563,749, mwa iwo 84 pa 100 aliwonse akukhala kumudzi. Imachititsanso kafukufuku wa moyo wa pakhomo, amene mu 2019 mpaka 2020 anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 aliwonse anali osauka. Ku Zomba kulinso Centre for Social Research, imene inakhazikitsidwa mu 1979 ndipo yakhala ikuchita kafukufuku wa Afrobarometer wofunsa maganizo a Amalawi pa za ulamuliro, komanso bungwe la IPOR limene limadziwika ndi kafukufuku wa maganizo a ovota. Pa za umoyo, Malawi Liverpool Wellcome ku Blantyre ndi MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe sagwira ntchito ndi madokotala okha. Katemera kapena chipangizo chodziyezera wekha HIV chikapangidwa, pamafunika wina woti afufuze ngati anthu adzachilandira, amene adzachikana ndi chifukwa chake.

Khomo lachiwiri ndi la boma ndi makhonsolo: maofesi a chisamaliro cha anthu, a chitukuko cha m'madera, a za jenda, a achinyamata, a zantchito, a mapulani, ngakhalenso apolisi ndi andende. Chitsanzo chabwino ndi Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ali m'maboma onse 28. Ndondomekoyi imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Kulemba zimenezi papepala n'kosavuta. Kusankha mabanja ochepa m'mudzi umene pafupifupi aliyense amagona ndi njala mwezi wa February, popanda kuyambitsa chidani ndiponso popanda kulola kuti mndandanda udzaze ndi abale a akuluakulu, ndi ntchito yofuna munthu womvetsa mmene mphamvu zimayendera m'mudzi.

Khomo lachitatu, limene ophunzira ambiri salidziwa, ndi la ntchito zikuluzikulu za zomangamanga. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti msewu, damu, mgodi kapena ngalande ya mthirira isanayambe, pakhale kuunika mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo obwereketsa ndalama monga World Bank ali ndi malamulo awo okhwima pa za kusamutsa anthu. Pa ntchito ngati ya mthirira ya m'chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje, wina ayenera kulemba kuti munda uwu ndi wa yani, amene akuulima ndi mwini kapena wobwereka, manda ali pati, chipukuta misozi chilandiridwe ndi ndani kuti mkazi ndi ana asatsale manja lende. Injiniya sanaphunzire zimenezi. Palinso mabungwe omwe si aboma, amene amafuna anthu olondoloza ndi kuyeza zotsatira za ntchito zawo, makampani a mafoni ndi mabanki ofuna kudziwa chifukwa chimene mayi amakhulupirira banki mkhonde kuposa akaunti, maofesi oona za antchito, nyumba zoulutsa mawu, ndi uphunzitsi wa ku yunivesite kwa amene apitiriza mpaka digiri yachiwiri ndi yachitatu.

Ngati makomo ndi ambiri chonchi, bwanji omaliza maphunzirowa ambiri akungoyenda ndi makalata ofunsira ntchito?

Chifukwa choyamba sichikhudza sociology yokha. Chuma chathu chimatsegula ntchito zolembedwa zochepa kuyerekeza ndi achinyamata amene akumaliza sukulu, ndipo ulova ukugwira a zaulimi, a zamalonda ndi aphunzitsi omwe. Chifukwa chachiwiri ndi chakechake cha phunziroli, ndipo sitiyenera kuchibisa. Ntchito zambiri zimene tatchulazi zimadalira ndalama za mayiko akunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu January 2025, kenako n'kutseka bungwe la USAID, mapulojekiti ambiri a zaumoyo ndi chitukuko m'dziko muno anaima ndipo anthu anachotsedwa ntchito. Ngakhale zinthu zikakhala bwino, womaliza kumene nthawi zambiri amayamba ndi kontirakiti ya milungu ingapo, atanyamula tabuleti khomo ndi khomo, kenako amakhala pakhomo kudikira kafukufuku wina. Amene watenga ngongole ya boma ya ophunzira ayenera kudziwa zimenezi asanayambe.

Koma taonani kumene mzere wa ofuna ntchito watalika ndi kumene wafupika. Ofuna kukafunsa mafunso m'midzi ndi ambirimbiri, chifukwa aliyense wa MSCE wophunzitsidwa sabata imodzi angathe kuwerenga funso pa tabuleti. Anthu otha kutenga mayankho a mabanja zikwi zisanu, kuwayeretsa, kuwasanthula ndi kulemba lipoti la masamba khumi loti mkulu wa bungwe apangirepo chiganizo ndi ochepa, moti mabungwe amalipira akatswiri ochokera kunja kuti achite ntchito imeneyi. Ichi n'chifukwa chake ndikulimbikira kunena kuti phindu la digiriyi lagona pa luso. Thandizo la kunja likachepa, woyamba kutsala ndi amene ankangodziwa kuyendetsa misonkhano. Wodziwa kusanthula ziwerengero ndi kulemba angathe kusamukira ku banki, ku kampani ya inshuwalansi, ku khonsolo kapena ku nyuzipepala, chifukwa luso lake silinamangidwe pa pulojekiti imodzi.

Dziko losauka ngati lathu silikufunika madokotala, mainjiniya ndi alangizi a zaulimi m'malo mwa anthu ofufuza za chikhalidwe?

Likuwafuna kwambiri, ndipo palibe woganiza bwino amene anganene kuti tichepetse madokotala. Ndingavomerezenso kuti dziko siliyenera kutulutsa a sociology ochuluka kuposa amene lingawagwiritse ntchito. Koma tiyeni tione kumene ntchito za madokotala ndi mainjiniya zakhala zikukakamira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Anthu angapo anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Kungonena kuti anthuwo ndi osaphunzira sikunathandize, ndipo mphekesera zofanana zinabukanso kale mu 2002. Funso lothandiza ndi lakuti n'chifukwa chiyani nkhani yotere imamera m'madera a anthu othithikana, osowa minda, ozunguliridwa ndi maesiteti, kumene alendo a magalimoto amabwera kudzalemba mayina ndi kutenga magazi popanda kufotokoza bwino kumene akupita nawo. Amene wayankha funso limeneli ndi amene angatsegulire dokotala njira.

Namondwe wa Freddy mu March 2023 anasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala, ndipo ku Chilobwe matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja. Akatswiri a nthaka anali atanena kale kuti malo otero ndi oopsa. Chimene mapu awo sanena ndi chifukwa chimene munthu amamangira pamenepo: poloti yotsika mtengo, pafupi ndi ganyu wa m'tauni, mumzinda umene malo ovomerezeka wosauka sangawakwanitse. Kuchigwa cha Shire boma lakhala likupempha anthu kuti asamukire kumtunda, ndipo ambiri amabwerera madzi akaphwa. Kubwerera kwawo si chifukwa chosamva. Kumadimba ndi kumene kuli chinyezi cha chimanga ndi mbatata za m'chilimwe, kumeneko ndi kumene kuli manda a makolo, ndipo mfumu yosamukira m'dera la mfumu inzake imasanduka mlendo wopanda malo ogawa. Ndondomeko yosamutsa anthu yosaganizira zimenezi imawononga ndalama za misonkho pachabe.

Nkhani ya maukwati a ana ikuonetsa zomwezo kuchokera ku mbali ya malamulo. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja mu 2015, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anali atapeza kuti amayi 42 pa 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo lokha silithetsa chiwerengero chotere. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambiri a ana podzera mwa mafumu ake aang'ono, magulu a amayi ndi makolo, kutanthauza kuti inagwiritsa ntchito maudindo amene anthu amawamvera. Ku Zomba, kafukufuku wa 2008 mpaka 2009, amene anatsogoleredwa ndi akatswiri a zachuma, anapereka ndalama kwa atsikana ndi mabanja awo m'njira ziwiri. Ndalama zokhala ndi lamulo loti mtsikana azipita kusukulu zinathandiza kwambiri kuti asasiye sukulu, koma zimene zinachepetsa maukwati ndi mimba ndi zopanda lamulo, chifukwa zinkafikabe kwa mtsikana amene wasiya kale sukulu, yemwe ndiye ali pafupi kukwatiwa. Ndi ochepa amene akanalosera zimenezi atakhala mu ofesi.

Kodi phunziroli si la azungu, lobwera ndi atsamunda?

Mbiri yake ili ndi mbali imeneyo ndipo wophunzira ayenera kuidziwa. Kafukufuku wambiri woyamba wa m'chigawo chino anachokera ku Rhodes-Livingstone Institute ya ku Northern Rhodesia, m'nthawi imene boma la atsamunda linkafuna kumvetsa anthu amene linkawalamulira ndi kuwatumiza ku migodi. Kumeneko n'kumene kunachokera J. Clyde Mitchell, amene analemba za midzi ya Ayao mu 1956, ndi Jaap van Velsen, amene analemba za Atonga a ku Nkhata Bay mu 1964. Mabuku awo ndi othandizabe, koma analembedwa m'Chingerezi kuti awerengedwe ndi anthu akutali. Komabe njira yofufuzira ilibe mtundu. Ibn Khaldun wa ku Tunis analemba za kukwera ndi kugwa kwa maufumu mu 1377, Comte asanabadwe. W. E. B. Du Bois anayenda khomo ndi khomo pakati pa anthu akuda a ku Philadelphia ndipo mu 1899 anaonetsa kuti umphawi wawo unkachokera ku tsankho pa ntchito ndi pa nyumba, osati ku chibadwa chawo. Kuno kwathu J. A. K. Kandawire anafufuza ku Chingale ndipo mu 1979 anatulutsa buku lofotokoza mmene thangata anasinthira kuchoka pa kuthandizana kwa anthu m'mudzi kufika pa ntchito yokakamiza ya pa maesiteti.

Vuto limene latsala ndi la magawidwe a ntchito. Malawi ndi dziko lofufuzidwa kwambiri, moti m'midzi ina ya ku Balaka anthu afunsidwa mafunso ofanana kwa zaka zambiri. Crystal Biruk, m'buku lake la 2018, anafotokoza moyo wa achinyamata a ku Malawi ogwira ntchito yofunsa mafunso, ndi madandaulo a anthu akumudzi amene amapereka maola awo n'kulandira sopo. Kawirikawiri mafunso amakonzedwa kunja, Amalawi amasonkhanitsa mayankho, ndipo kusanthula ndi kulemba kumachitikanso kunja. Zimenezi sizidzasintha ndi kudandaula kokha. Zidzasintha pakakhala Amalawi okwanira otha kukonza kafukufuku kuyambira pa funso mpaka pa lipoti, ndipo malo ophunzirira zimenezi ndi digiri yomwe tikukambayi.

Sociology ndi social work si chinthu chimodzi?

Ndi pachibale koma ndi zosiyana. Wa social work amaphunzira kuthandiza munthu kapena banja limene lili pamavuto: mwana wozunzidwa, mayi wothawa nkhanza, mnyamata wolakwira malamulo. Maphunziro amenewa amapezeka ku Zomba, ku Catholic University ku Nguludi, ndiponso ku Magomero College ku Chiradzulu kumene boma limaphunzitsa alangizi a chisamaliro cha anthu ndi a chitukuko. Wa sociology amafunsa chifukwa chimene milandu yotere yachulukira m'dera lina kuposa lina. Amene mtima wake uli pa kukhala pansi ndi munthu wovutika tsiku ndi tsiku asankhe social work.

Wophunzira amene wasankhidwa kale achite chiyani kuti zaka zinayi zisapite pachabe?

Atenge phunziro lililonse la ziwerengero ndi la njira zofufuzira limene angaloledwe, ngakhale litakhala lovuta ndi lotsitsa magiredi, ndipo ngati pali mwayi wophatikiza ndi demography kapena economics asaukane. Adziwe Excel bwinobwino, kenako Stata kapena R, imene ndi yaulere, komanso KoboToolbox yokonzera mafunso a pa foni. Zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo wa DHS ndi wa Afrobarometer zimapezeka pa intaneti kwa wophunzira wozipempha, ndipo munthu wa chaka chachitatu angathe kuzitenga n'kuyerekeza yekha msinkhu wokwatiwira ku Mangochi ndi ku Rumphi. Pa tchuthi afunefune ntchito yofunsa mafunso m'midzi, chifukwa amene sanakhalepo pakhonde la munthu n'kuona mmene funso lolakwika limamukhumudwitsira sadzakonza mafunso abwino. Koma akakhala kumeneko azifunsa oyang'anira chifukwa chimene anasankhira mudzi uwu osati uwo, ndi kumene mayankho akupita.

Aphunzire chiyankhulo china cha m'dziko muno kupatula chake. Wolankhula Chichewa ndi Chitumbuka, kapena Chichewa ndi Chiyao, Chilomwe kapena Chisena, amatumidwa kumene anzake sangapite. Azolowere kulemba mwachidule, m'Chingerezi komanso m'Chichewa, chifukwa zotsatira za kafukufuku ziyenera kubwerera kwa gulupu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi imene inapereka mayankho. Pa kafukufuku wa chaka chomaliza asankhe funso laling'ono lotheka kuliyankha ndi ndalama zimene ali nazo, monga mmene akabaza a pa siteji imodzi amagawanira makasitomala ndi kulangana, kapena chimene chimachitika m'gulu la banki mkhonde membala akalephera kubweza ngongole. Ayendedi kukafunsa anthuwo, asunge makope ake ndi matebulo ake, ndipo tsiku la intavyu apite nazo pamodzi ndi satifiketi.